Zipi ya Diresi Lobiriwira

Masana ndine Nibaldo,
wowotcherera zitsulo padoko la Valparaíso.
Mapewa awa sindinawapemphe.
Anabwera ndi zaka makumi awiri za maunyolo ndi nyundo,
ndipo akukana kusamuka.

Loweruka usiku ndine Fresia.
Pakati pa awirife pali zipi imodzi
yomwe imanyamuka bwinobwino m'chiuno,
ikafika pakati pa msana n'kuima njii,
ngati chikepe chakale cha paphiri pathu
magetsi akathima.

Ndiye ndimalawira mbandakucha,
mbalame za padoko zisanayambe kulongolola,
kukakwera masitepe a ku Cerro Cordillera.
Ndayesapo kuwawerenga,
koma pofika pa zana mpweya umandithera, chiwerengero n'kubalalika.
Ndimawaponda awiriawiri kuti matako amve,
kuti ntchafu zidzaze
pomwe Namalenga anaumira dongo.
Galu wachikasu wa pagolosale amandiperekeza mpaka pakati,
kenako amakhala pansi
n'kumandiyang'ana ngati wazungulira mutu ndine.

Kuchipinda, pa kapeti wothothoka,
ndimanyonyomala n'kudzuka, kunyonyomala n'kudzuka,
mawondo akulira ngati chitseko cha bafa.
Ndimagona chagada n'kukankhira chiuno kudenga.
Zitsulo zokuzira mikono ndinapatsa mwana wa mlongo wanga,
yanga inakhuta kalekale.

Chaka chatha ndinachita zopusa.
Milungu itatu ya tiyi wopanda shuga ndi theka la apozi,
mpaka chizungulire chinandigwetsa pambali pa sitima,
moto ukuyakabe m'manja.
Anzanga anati ndi dzuwa. Ndinavomera.
Makilo asanu ndi imodzi anapitadi,
koma anachoka m'masaya ndi kumbuyo komwe ndinkawafuna,
mapewa ali phee.

Tsopano ndimadya.
Mphodza, nsomba yootcha, tomato wothira ndimu,
buledi mmodzi wopaka peyala m'mawa.
Mowa ndi tambula imodzi, ya Fresia yekha.
Ngolo ya masoseji ya Eleuterio ndimaidutsa nditabanika dala,
iye n'kumakuwa, “Wadwala kodi, achimwene,
kapena wapeza mkazi?”
Ndimati, “Ndamupeza,
ndipo ndi wovuta.”

Lachinayi ndinapita kwa mayi Ercilia,
telala wa kuseri kwa msika,
tepi m'khosi, mapini kukamwa.
Anandizunguliza tepi osafunsa za mwini diresi.
Iwo anadziwa kale, chaka chomwe ndinanama kuti ndi la msuweni.
Mimba yabwerera zala ziwiri.
Kumbuyo kwawonjezeka chala chimodzi,
chala chimodzi cha miyezi isanu ya masitepe!
“Nanga mapewa?”
Analavulira mapini m'dzanja.
“Fupa silimva njala, mwanawe. Tembenuka.”

Anang'amba msoko wa kumsana, ine mtima uli m'mwamba,
n'kulowetsapo kansalu kosongoka.
Kubiriwira kwake n'kosiyana pang'ono, inayo inatha pamsika.
M'mbali anasokereramo siponji
yomwe anadula ku khushoni ya mpando wa malemu amuna awo.
Anati bamboyo anaukhalira zaka makumi atatu osapita nawo kovina,
apiteko tsopano.

Lero ndi Loweruka.
Ndameta kawiri. Ndadya mphodza zanga, mbale yonse.
Ndakoka zipi ndi kachingwe ka nsapato,
yadutsa paja imaima,
yakayika pang'ono,
yafika.

Masitepe omwe aja ndikuwatsika tsopano
pa nsapato za gogoda, sayizi fote-fili,
dzanja pa chitsulo chozizira,
akatumba akunjenjemera ndi ntchito ya m'mawa.
Kumunsi magetsi a sitima akuphethira pamadzi.
Mphepo ikulowa pa kansalu kosiyana kaja.

Galu uja wadzuka.
Wanunkhiza mafuta onunkhira, wayetsemula,
wanunkhizanso bondo langa,
ndipo ulendo uno
wanditsatira mpaka pansi.