Mabuku a M'khosi

Kompyuta yathu inabwera ngati kaunjika,
dzina la sukulu yakunja litamatidwa pambali,
theka litakandika.
M'mimba mwake munali mothina.
A Likoswe anaiyang'ana mpaka usiku
m'kachipinda kathu ka ku Zingwangwa, kuseri kwa chigayo,
kenaka anati: "Mabuku ake atulukemo.
Malowo akhale a ntchito za ana."

Si mabuku a pepala ayi.
Ndi masamba amene makina amasunga, ofotokoza za iwo eni:
lamulo ili limachita chakuti,
ukaphonya apa wafufuta zonse.
Ukalemba zilembo zitatu, m, a, n,
ndi dzina la chimene chakuzunguza,
tsamba limatuluka loyera pa mdima
ngati choko pa bolodi.

Onsewo anawasamutsira m'kafulashi kofiira
kopanda chivindikiro,
nakamangirira ku chingwe cha nsapato.
Anatsegula fayilo ya makonzedwe
nalemba mzere umodzi, ndi zala ziwiri:
ukafuna buku usafufuzenso m'nyumba muno,
tulukira khomo ili, ukalipeza kwa mlendo.

"Ndaziona, taona kuno.
Njira timalemba kamodzi basi.
Koma mlendoyu uzimulonjera m'mawa uliwonse,
umupatse pokhala, apo ayi makina samudziwa.
Ndipo madzulo usamuzule ngati chinangwa.
Uyambe wamutsanzika."

Ndinkangovomera ndi mutu.
Kafulashiko kankabwera nawo pa chifuwa,
kankapita nawo pa chifuwa,
ndipo ine sindinafunsepo
kuti tsiku limene sadzabwera tidzawerenga chiyani.

Linafika mu Juni, chiperoni chitameza phiri la Soche.
Ana asanu ndi mmodzi pa benchi, manja m'khwapa.
Lekeleni anafunsa mmene angapezere liwu limodzi
m'fayilo ya mizere zikwi.
Ndinalemba zilembo zitatu zija.
Makina anayankha mosachita manyazi:
tsamba limenelo kulibe.
Ndinalembanso. Kulibe.
Njira inalipo, yolembedwa bwino, yosakhota,
yokathera pa khomo lopanda munthu.

Minibasi inanditsitsa pa Gulupu dzuwa litapendeka.
Ndinawapeza bedi lachitatu kuchokera pa zenera,
khosi lili lokhalokha.
Anamwino anali atawavula chingwe chija
n'kuchiika m'kapu ya pulasitiki
pamodzi ndi supuni ndi makiyi.
Analoza ndi chibwano.
"Tenga. Ukakopere kena.
Chaka chonse ndakhala ndikuti ndikopera mawa."
Anatsokomola nthawi yaitali,
kenaka anafunsa ngati mbewa ya kumanzere
inasiya kukakamira.
Ndinawanamiza kuti inasiya.

Kachiwiri ndinakagula pa msika, pafupi ndi mlatho wa Mudi,
kwa mnyamata wolumbira kuti n'koyambirira.
Ndili pakati pokopera magetsi anathima,
chigayo chinati zii,
ndinamva mvula yamawawa pa malata.
Ndinadikira. Atabwera ndinayambiranso,
masamba akuwoloka limodzilimodzi
ngati anthu oponda miyala pa mtsinje.

Tsopano tilipo tiwiri.
Kofiira kali pa chifuwa panga,
chingwe chikadanunkha sopo wa kuchipatala.
Kakuda kali pa msomali pamwamba pa bolodi,
poti mwana aliyense afikira.
Mzere uja ndaulembanso pa katoni
ndi kuumata kukhoma, chilembo ndi chilembo,
mpaka timizere topendeka tija.
Lekeleni anapeza liwu lake.
Dzulo ndinamupeza akuwerenga tsamba
limene palibe anamutuma.

A Likoswe akuti atuluka Lachisanu.
Akhala akutero chiyambire mwezi watha.

Madzulo ana akapita
ndimalemba mawu otsanzika,
ndi kukhala pansi, chala pa kafulashi,
kudikira kuti kagetsi kake kasiye kuphethira
ndisanazule.