Ndalama Zobwera Uli Mtulo

Mnyamata wa pa vidiyo uja anati
ndalama zimabwera munthu uli mtulo.
Anali atatsamira galimoto yoyera mbee,
wotchi pamkono, nyumba zazitali kumbuyo kwake,
ndipo ine Edivaldo,
kondakitala wa basi ya ku Casa Amarela,
ndinamuonera kanayi, mapazi ali m'beseni,
poti tulo tanga tinali tisanandipatsepo ngakhale khobidi.

Kosi yake inali mareyali mazana anayi kuchotsa atatu.
Ndinalipira ndi ndalama ya magalasi a amayi.
Amayi anati, adikira amenewo,
masiku ano sindiwerenga zambiri.

Ntchito yake ndi yophweka, anatero:
tenga linki, mwaza paliponse,
wina akadina nagula, kako kali pomwepo.
Sunyamula katundu, sulipira lendi,
bwana ndiwe wekha.

Ndinamwaza.
Linki ya makina ogayira zipatso,
ya mafuta ofafaniza makwinya,
ya lamba wophwetsa mimba,
ya tiyi amene sindinamulawepo
koma ndinalemba kuti wasintha moyo wanga.
Pa gulu la asuweni anandichotsa Lachitatu.
A kwaya anandipempha mwaulemu.
Gilvanete, amene kale ankayankha ndisanamalize kulemba,
tsopano amangowerenga,
timizere tiwiri tabuluu, kenako zii.

Mwezi wachitatu ndinatsegula kope lowerengera matikiti
ndi kudzizenga mlandu ndekha.
Odina linki: mazana asanu ndi limodzi.
Ogula: asanu ndi anayi.
Mmodzi mwa iwo ndi azakhali a Zuleide,
anagula pondimvera chisoni,
nabweza makinawo poti ankalira ngati mbuzi,
komishoni n'kubwerera nawo limodzi.
Zotsala: mareyali makumi anayi ndi imodzi,
koma satulutsa mpaka zitakwana zana.
Zili apo pa sikirini
ngati nsomba m'galasi la sitolo,
ndimaziona zikusambira, sindingazikazinge.
Data ndinalemba mzere wakewake.
Maola sindinawerenge.
Tulo timene tinkati tindilemeretse
ndi timene ndinayamba kugulitsa.

Ndinamulembera mnyamata uja.
Anayankha, kaya ndi iye kaya makina:
Vuto ndi kaganizidwe kako, m'bale.
Siya tiyi. Gulitsa kosi yanga, theka ndi lako.

Pamenepo mkuyu unang'ambika, nyerere zinatuluka.
Iye sanagulitsepo lamba, sanagulitsepo tiyi.
Katundu wake ndi ine,
ndi ena onse oviika mapazi m'beseni usiku.

Dzulo Josenilda,
wochapa nsalu za m'hotela ku Boa Viagem,
manja atasuwa ndi sopo,
anandiimitsa pa masitepe:
Ndamva uli pa intaneti masiku ano.
Nditumizire ija, mwana akufuna nsapato za sukulu.

Linki inali m'foni, chala changa pamwamba pake.
Mareyali pafupifupi mazana awiri,
theka la maso a amayi.
Sindinama, ndinaganiza.
Ndinaganiza mpaka galu wa pansi anasiya kuuwa,
mpaka mvula ya ku Recife inadutsa pa malata
n'kupita kukanyowetsa ena.

Ndinajambula tsamba la m'kope lija,
ndi dontho la khofi lomwe,
ndinamutumizira popanda mawu.

Anayankha mbandakucha:
Mwina iwe sunalimbikire.

Mwina.
Basi yoyamba imanyamuka faifi isanakwane.
Makobidi amagwera m'dzanja langa, ozizira, ochepa,
koma palibe amene amandiuza kuti ndidikire akwane zana.
Amayi akuwerenga kapepala ka mankhwala
atakatalikitsa mpaka pothera mkono.
Makumi anayi ndi imodzi aja akusambirabe,
ndipo usiku uno, ndisanagone,
ndikudziwa kuti ndisuzumira kamodzi kokha,
kuona ngati wina ku Olinda
wagula lamba.