Bikoni Nambala 412

Pa pepala la a Shawa palibe matope.
Misewu yonse ndi yowongoka ngati nsungwi,
nyumba mazana asanu ndi atatu zafola mwaulemu,
sukulu pakati, chipatala pakona,
ndi kabwalo kobiriwira komwe alembapo kuti ana adzasewera pano.
Ine yanga ndi kusenza zitsulo ndi hamala,
kulondola kumene chala chawo chaloza.

Tinayambira cha kumsewu wa ku Chadiza, mu Okutobala,
dzuwa litawauwa mapiri a Chipata mpaka kuyera mbuu.
A Shawa amasuzumira m'makina a miyendo itatu
n'kukuwa: Kumanzere! Bwererako pang'ono! Khoma!
Ndimakhoma.
Pamchenga nthaka imangomeza,
pa katondo imakana mpaka dzanja kuchita dzanzi.

Pa pepala, puloti 412 ndi kabokosi chabe,
mamita makumi awiri uku, makumi atatu uko.
Pansi pano ndi munda wa nshawa wa mayi Zelipa,
mizere ya chaka chatha ikuonekabe,
ndi chulu chimene pepala silikuchidziwa.
Anabwera khasu lili paphewa, osakalipa ayi,
anangoti: Mwanawe, chitsulo chakochi chimamera?
Nanga ndibzale mbali iti chaka chino?
A Shawa anati za chipukutamisozi n'za ku ofesi, Lachinayi.
Mayiwo anati Lachinayi lapitali anali komweko,
anakhala pabenchi mpaka mlonda anakoka geti.

Ndinakhoma.

Musawaone choncho a Shawa.
Masana pansi pa mpundu, mabanzi ndi maheu zili pakati,
amatambasula pepala lija pabondo.
Anakulira ku Mchini, anthu asanu ndi awiri chipinda chimodzi,
chimbudzi chimodzi mabanja anayi,
ndipo mng'ono wawo Yotamu anatsikira kuli chete dzinja lina
galimoto ya odwala italephera kulowa m'tinjira.
N'chifukwa chake misewu yawo ndi yotakata chonchi.
Amaisisita ndi chala ngati liwombo la khanda.
Apa mpope, amatero. Apa ngalande.
Apa madzi sadzagona m'nyumba ya munthu.

Sabata yachitatu kunabwera galimoto yoyera, magalasi akuda.
Mwini wake sanatsike, kuopa chisoso pathalauza.
Anakambirana pawindo nthawi yosakwana kupsa kwa chimanga chootcha.
Kutacha, kabwalo ka ana kaja kanali kataswa mapuloti asanu ndi limodzi.
Tsiku limenelo a Shawa sanakuwe.
Ankangoloza ndi mlomo,
ine n'kumakhoma pomwe pakanadzakhala golo.

Madzulo ndimakwera njinga ya Lakisoni kubwerera ku Navutika,
ngongole ya dzana ndisanalipire.
Pokwera chitunda ndimatsika, tonse n'kumakankha,
ine ndikuwerengera chamumtima:
puloti imodzi, yakumapeto kwenikweni, yoyang'ana kudambo,
ndi malipiro anga a zaka zinayi
ngati sindidya, ngati alandilodi andiiwala,
ngati Tiwine asiya kukula phazi.
Mwanayo amandifunsa kuti yathu ndi nambala chani.
Ndimati sitinafikeko, tikupimabe.

Mvula inagwa mochedwa, Disembala ali pakati.
Katapila sanabwere, akuti ndalama zikadali ku Lusaka.
Anatituma kukaona ngati mabikoni alipo onse,
poti ena anyamata anazula n'kukagulitsa pasikelo.
Wa 412 tinaupeza.
Mayi Zelipa anabzala mbali zonse ziwiri,
nshawa zawoloka msewu wa a Shawa osayang'ana uku ndi uku,
ndipo pachitsulo changa chija
nyemba yayanga, yazungulira katatu, yatulutsa duwa.

A Shawa anaima nthawi yaitali, cholembera chili kukamwa.
Kenaka m'buku mwawo analemba kuti: ulipo.
Anandiuza ndiponde bwino potuluka.