Kabowo

Bambo Vithal adayamba kuona utawaleza
kuzungulira nyali za mumsewu wa Rezende,
diso psuu, lolimba ngati nthudza yaiwisi,
mutu waching'alang'ala, kusanza mpaka mbandakucha.
Ine ndinkati ndi malungo.

Ku Parirenyatwa dokotala adati
ngalande ya m'diso yatsekeka, madzi asowa kolowera.
Chibwano pachitsulo, osaphethira.
Kuwala kwa leza kudangoti the! the!
kuboola kabowo koposedwa ndi ka singano.
"Maso okhuthala ngati anuwa
nthawi zina timabwereza."

Lamanzere tidachedwa nalo.
Lamanja lidatsala.

Lero m'shopu mwawo ku Belvedere
nsalu ya suti amadula okha,
choko kukhutu, kudandaula za mtengo wa zipi,
koma ulusi pasingano ndimalowetsa ndine,
ndipo ikakwana folo
ndimawagwira chikope, kudontheza kamodzi.