Masilipasi a Mwana Wawo

Ku Rize mvula siodira.
Inandipeza pa siteji ya basi, chikwama chili chonyowa,
adiresi ya hositelo itasungunuka m'dzanja langa
ngati mchere m'ndiwo.
Bambo wina wa ndevu zaphulusa anandiyang'ana,
anayang'ana mitambo, anapukusa mutu,
nanyamula chikwama changa osandifunsa.
Ndinamulondola ngati mwanapiye,
mtima uli phaphapha: kodi ndikubedwa dzuwa lili pamutu?
Koma dzuwalo kunalibe.

Masitepe okwera phiri ndinawerenga mpaka makumi anayi,
mpweya unandithera, ndinaleka.

Pakhomo mayi Sevgül sanayambe ndi mafunso.
Anawerama, nandiikira masilipasi
aakulu moti phazi langa linkasambiramo,
nandithira m'manja timadzi tonunkhira ndimu.
Ine, wosadziwa, ndinatsala pang'ono kunyambita.

Kenaka tiyi, m'timatambula tagalasi
ta chiuno ngati cha mavu.
Ndikamaliza, adzaza. Ndikamaliza, adzaza.
Kwathu kukana chakudya n'kutukwana wophika,
ndiye ndinamwa kasanu ndi kanayi, mimba ili ndendende,
mpaka kamdzukulu kawo, Zehra, ka mano ogweluka,
kanatenga supuni n'kuigoneka pakamwa pa tambula yanga:
umo ndi momwe amanenera kuno kuti ndakhuta.
Nyumba yonse inaseka. Inenso ndinaseka,
koyamba chichokereni pa bwalo la ndege.

Hositelo ija ndinaipeza mawa lake.
Ndinagonamo masiku atatu okha.
Lachinayi bambo Dursun anabwera ndi ambulera ziwiri.

Mwezi unatha ndisanadziwe mwini masilipasi.
Ndi a Orhan, mwana wawo, ali ku fakitale ku Jeremani,
chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano.
Amaimba Lamlungu, nthawi zina saimba.
Juzi yake ndavala ine. Pampando pake ndakhala ine.
Tinsomba ta hamsi, abale ake a usipa,
ndi chigumu chopanda shuga chimene iye ankachikonda,
zonse zimathera m'mbale yanga.
Usiku wina ndinadzifunsa:
kodi kwathu ku Thyolo, pa mpando wanga pakhala yani?

M'mwezi wa Meyi tinalowa m'munda wa tiyi,
wotsetsereka ngati denga la tchalitchi.
Iwo amadula ndi sizasi yaikulu yomangirira thumba,
khwapu, khwapu, ngati akumeta phiri.
Ine ndinaika sizasi pansi,
ndinathyola momwe amayi anga anathyolera zaka makumi awiri
pa esiteti ya azungu: masamba awiri ndi kansonga.
Mayi Sevgül anaima. Anagwira zala zanga,
anazitembenuza, naonetsa zawo zakuda ndi utomoni,
nafunsa ndi maso okha: unaphunzira kwa ndani?
Ndinatulutsa chithunzi m'foni.
Anachipsompsona galasi lomwe.

Dzina langa limawakola pakhosi.
Mtisunge amati Mitisun, ine n'kuvomera.
Tsiku lina ndi mtanthauziramawu pa tebulo
ndinawauza zomwe limanena.
Bambo Dursun anakhala chete, kenaka anadziloza pachifuwa:
akulu ake awiri anamwalira ali makanda,
ndiye iye anamutcha Dursun, kuti uyu yekha akhale.
Tinayang'anana, mayina awiri opempha chinthu chimodzi,
ketulo ili kulira pa mbaula.

Dzulo ndinanyamuka kupita ku Ankara
kukawonjezera masiku a chitupa, ulendo wa masiku atatu basi.
Ndili pa sitepe yachisanu ndinamva khwaa kumbuyo.
Mayi Sevgül, jagi m'manja, akukhuthula madzi m'mapazi mwanga,
mvula ikugwa, dziko lonse lili chale madzi okhaokha.
Zehra anakuwa kuti ndimve:
upite ngati madzi, ubwere ngati madzi!

Ndinacheuka.
Chitseko chinali chosatseka bwino,
ndipo pa mphasa ya pakhomo masilipasi aja
anali atawatembenuza kale, kuloza m'nyumba.