Nsidze ya Mwamuna Wanga

Nsidze yakumanzere ya mwamuna wanga
inapsa Lachiwiri m'khitchini, kuno ku Turffontein,
ine nditagwira foni.
Anati usagwedeze dzanja, make Tiyese,
ndipo sindinagwedeze.
Anthu zikwizikwi aiona nsidzeyo ikupita.
Ena alemba kuti abwereze ndi yakumanja.

Masana ndi injiniya.
Amadzuka mateksi asanayambe kuliza mahutala,
navala ovolosi ndi jombo zachitsulo kumphuno,
ulendo ku City Deep kukamvetsera mathiransifoma
monga dokotala amvetsera chifuwa.
Kumeneko ndi Bambo Chimbalanga, ndipo saseka.
Akuti ngakhale tiyi amamwa atakwinya nkhope.

Madzulo amabwera ndi jumbo la mandimu,
misomali, ndi tiwaya takopa
timene amalumbira kuti anagula, lisiti ilipo.
Supuni zanga ziwiri zili ndi zipsera.
Za ketulo ya paukwati ija musandifunse.
Tsiku lina anakhutiza baluni pajuzi
nakhotetsa madzi a pampopi osawakhudza,
akukuwa kuti si ufiti uwu, abale anga, si ufiti!
MaKhumalo wa chitseko choyandikana anaona pawindo,
sabata yathunthu moni wathu sanayankhe.

Ndiye pali kagawo kamene onse amadikira.
Chala chiyandikira waya,
iye ayang'ana foni: chingachitike n'chiyani?
Phaa! Ali gada, mpando pamimba, mwendo uli njenjenje.
Ine ndimadziwa kuti swichi yaikulu anathimitsa kale,
anayeza kawiri ndi kamita kake kachikasu,
ndipo phokosolo ndi Tiyese, kuseri kwa chitseko,
waphulitsa kathumba kapepala.
Nsidze yokha ndiyo inali yoona.
Koma mtima umandidumphabe.

Akadzuka amatsitsa mawu.
Magetsi alibe nawe mlandu, amatero,
akufuna nthaka basi,
iwe usakhale njira.

Pali zimene foni sinajambule.
Mng'ono wake Ganizani ankakhala ku Diepsloot,
m'kanyumba kamalata,
waya wokokedwa usiku ukudutsa m'matope pakhomo.
Mvula ya Disembala itayamba
anatuluka wopanda nsapato kukaanula malaya.
Malaya awiri okha.
Bokosi linayenda masiku atatu m'thirela,
Beitbridge, Tete, mpaka kwawo ku Ntcheu.

Atabwerako kumaliro anasindikiza timapepala tochenjeza,
zilembo zofiira, zilankhulo zitatu,
nakagawa yekha parenki.
Mawa lake anapeza anthu akukulungiramo chimanga chootcha.
Sanalankhule masiku awiri.
Lachitatu lake anagula baluni.
Munthu akamaseka, anandiuza akuipopa,
khutu limaiwala kutseka.

Lero magetsi athima, sikisi mpaka teni.
Injiniya wakhala mumdima ngati wina aliyense,
ndipo MaKhumalo wagogoda kufunsa
ngati sangawaitane abwere msanga.
Patebulo mandimu asanu ndi atatu agwirana ndi tiwaya,
kababu kofiira kali phethiphethi,
sikangaunikire ngakhale tsamba la homuweki.
Tiyese wagona atakayang'ana.

Foni yatsala pang'ono kuzima.
Mnyamata wina wa ku Tembisa walemba:
ankolo, ndinaseka mpaka kutsamwa,
koma ndawauza amayi asayanikenso zovala pawaya uja,
andimvera.
Wawerenga kawiri.
Wapita kukamwa madzi ngakhale kapu ili pambali pake.

Mawa ali ndi msonkhano ndi mabwana eyiti koloko.
Ndamukhazika pampando womwe amagwa nawo uja,
tochi wailuma m'kamwa, ikuwala chozondoka,
ine ndi pensulo yanga ya m'maso
ndikumujambulira nsidze.
Usagwedezeke, ndamuuza.
Ikutuluka yokwera pang'ono kuposa inzake,
ngati munthu amene wangomva funso
ndipo akufuna ayese kaye aone.