Botolo la Maheu

Ndinagula ndekha ku Soweto,
kwa mnyamata wofuula za nsikidzi ndi mphemvu.
Chivindikiro chinali chosweka,
ndiye ndinakhuthulira m'botolo la maheu
n'kubisa kuseri kwa mbaula.

Sekelani ali ndi zaka zitatu.
Kwa iye botolo la maheu ndi maheu basi.

Amake Bupe anabwera ndi mkaka,
wina dzira laliwisi,
wina akuti m'piseni chala kukhosi asanze.
Anakalipa ndi wa takisi:
"Musam'mwetse kanthu!
Tolani botololo, tiyeni!"
Matope a mu Kanyama anatigwira kawiri,
ine ndikupukuta dovu ndi chitenje,
dovu losatha,
ngati mpope woiwalika usiku.

Sisita Nakazwe sanandifunse kuti ndinali kuti.
Anawerenga fungo la botolo ndi mphuno,
nam'vula malaya, nam'sambitsa,
nam'kanula chikope:
kamwana ka m'diso kachepa
ngati pobaya singano.
M'chifuwa munkalira ngati madzi owira.

Kenako kabotolo kagalasi,
kosafika ndi chala changa chaching'ono.
Anakathyola khosi, thyo!
"Atiropini," anatero,
ngati akutchula dzina la mnansi wake.
Anabaya, namvetsera pachifuwa.
Anapukusa mutu. Anathyola tiwiri.
Anamvetseranso. Tinayi.
Ndinasiya kuwerenga;
timakosi tagalasi tinadzaza mbale yachitsulo.

Pabedi lina anabweretsa mnyamata wa ku Chibolya,
milomo yabiriwira, mpweya wapatalipatali.
Iye anam'thyolera kena, ka dzina lina,
ndipo anadzidzimuka n'kuyamba kutukwana.
Sisita anaseka:
"Tukwana, mwana wanga, bola ukupuma."

Cha m'ma folo dovu linauma.
Tsaya linatentha, mtima unathamanga,
diso linatseguka ngati khomo.
"Amama, madzi."
Mawu awiri okha,
ndipo miyendo yanga inakana kundinyamula.

Kunja kukucha, maminibasi akuitanira ku tauni.
Ndakhala pabenchi, ndikutembenuza liwu limodzi pakamwa:
zimene ndinagula ku Soweto timati mankhwala,
zimene anathyola Sisita timatinso mankhwala.
Lilime lathu silinasiyanitse.
Anasiyanitsa ndi mayi uja
wa nsapato zakutha chidendene,
amene tsopano akuwerenga timabotolo totsala m'kabati,
akulemba m'buku,
akuluma cholembera,
poti usiku ukubweranso
ndipo totsala n'tisanu ndi kamodzi.

Nsikidzi zikadali kunyumba.
Zindilume.